Kalata yotseguka kwa olemba anthu ntchito m'Malawi: phunzitsani antchito anu kulemekeza anthu aulumali

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zantchito. Kwa akuluakulu a ECAM, bungwe la olemba anthu ntchito. Kwa oyang'anira ogwira ntchito m'boma ku Capital Hill. Kwa atsogoleri a MCTU, mgwirizano wa mabungwe a antchito, ndi a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Ndi kwa inu nonse eni makampani, mabanki, mafakitale, masitolo, maesiteti ndi mabungwe omwe si aboma,

Mabwana ndi madona, ndakupatsani moni mwaulemu wonse. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine Mmalawi mnzanu, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama mumzinda wa Blantyre, ndipo ndimayenda pa njinga ya olumala chifukwa cha poliyo amene anandigwira ndili wamng'ono. Ndasankha kulemba poyera chifukwa zimene ndikudandaula sizili mu ofesi imodzi yoti ndikanangopita kukagogoda. Zili ponseponse, ndipo ambiri amene amazichita sadziwa n'komwe kuti akulakwa. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Sinditchula dzina la kampani kapena la munthu aliyense. Amene adzizindikire m'nkhanizi adziwa yekha pokonza.

Pempho langa ndi limodzi, ngakhale ndiligawa m'munsimu: phunzitsani antchito anu, kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana wamkulu, mmene angakhalire mwaulemu ndi munthu waulumali.

Za malamulo sindikulira kwambiri, tili nawo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo gawo 13 limalonjeza mwayi wofanana wa ntchito. Gawo 5 la lamulo la zantchito la 2000 limanenanso zomwezo pa kalembedwe ka ntchito, maphunziro, kukwezedwa ndi kuchotsedwa. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene limati kukana kukonza zinthu zofunika kuti munthu agwire bwino ntchito yake ndi tsankho ndithu. Mu 2024 tinalandira lamulo latsopano la anthu aulumali, limene linalowa m'malo mwa lija la 2012 n'kukhazikitsa MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, pamene panali MACOHA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, woposa mmodzi ali ndi ulumali. Ndiye kuti tilipo m'mizere ya m'mabanki anu, m'makalata ofunsira ntchito amene adzaza m'makatoni a ku HR, ndiponso pakati pa antchito anu enieni, ena osadziulula.

Koma mlonda wa pageti sanawerengepo gawo 20. Mlembi wolandira alendo sanamvepo za pangano la 2009. Kapitawo wa m'fakitale sadziwa kuti MACODA n'chiyani. Ndipo anthu amenewa ndi amene timakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Ndiyambire pageti pomwepo. Tsiku lina ndinaitanidwa ku intavyu pa kampani ina kuno ku Blantyre. Ndinavala suti, satifiketi zili mu envelopu pamiyendo panga. Mlonda atandiona ndikuyandikira anaimirira pakati pa geti, n'kundibayibitsa ndisanatsegule pakamwa: "Lero ayi, bambo. Mubwere Lachisanu." Amene mumadziwa m'tauni mukudziwa tanthauzo lake, Lachisanu ndi tsiku limene eni masitolo ena amagawa timakobidi kwa opemphetsa. Ndinachita kumuonetsa uthenga wondiitana wa pafoni. Anapepesa, manyazi atamugwira, ndipo sindimuimba mlandu. Ndi munthu wolembedwa ndi kampani ya alonda, wolandira ndalama zochepa, amene anaphunzitsidwa kuperekera sawasha ndi kulemba nambala za magalimoto, koma palibe anamuuzapo kuti munthu wa pa njinga angakhale kasitomala, wofunsira ntchito, kapena bwana wa ofesi yomweyo. Funsani anzanga osaona amene amayenda ndi ndodo yoyera, adzakuuzani kuti mawu a Lachisanu amenewa anawamvapo nawonso.

Chachiwiri ndi kalembedwe ka ntchito. Masiku ano zotsatsa ntchito zambiri zimathera ndi mzere woti anthu aulumali akulimbikitsidwa kufunsira. Tikuthokoza. Koma chotsatsacho mwachiika pa Facebook kapena pa WhatsApp ngati chithunzi, ndipo pulogalamu imene munthu wosaona amagwiritsa ntchito pomvetsera zolembedwa pa kompyuta kapena pafoni imavutika kuwerenga chithunzi. Mwamuitana, koma sanamve kuitanako. Wosamva walemba m'kalata yake momveka bwino kuti mumulembere uthenga. Inu mukumuimbira foni kawiri, n'kulemba pa fayilo kuti sakuyankha. Mayeso olemba mwawasindikiza m'tizilembo ting'onoting'ono, nthawi yake yofanana kwa onse, pamene mnzathu wachialubino akuchita kuyandikitsa pepala kumphuno kuti awerenge.

Nanga chipinda cha intavyu? Chili pamwamba, chikepe kulibe, kapena chilipo koma chinafa kalekale. Ndiye mumaitana alonda awiri ndi mesenjala kuti andinyamule ndi njinga yomwe. Mabwana anga, taganizani: munthu ukulowa pamaso pa anthu amene akufuna kuona ngati ungayendetse ndalama za kampani yawo, koma ukufika uli m'manja mwa amuna atatu akuwefuka, jekete itakwinyika, tayi ili paphewa. Intavyuyo yatha isanayambe. Chonsecho pansi pali chipinda chochitira misonkhano chimene chili chotseka tsiku lonse. Kwa mayi n'zoposa apa, chifukwa kunyamulidwa ndi amuna osawadziwa ndi nkhani inanso.

Mafunso ake nawo amapweteka. "Zinayamba bwanji zimenezi?" "Munabadwa choncho?" "Kunyumba amakusambitsani ndani?" "Muli pabanja? Eee, zoona?" Mphindi zimene mnzanga wopanda ulumali akufotokoza luso lake, ine ndikufotokoza mbiri ya miyendo yanga. Funso loyenera lilipo, ndi lalifupi, ndipo mungalifunse kwa aliyense wofunsira ntchito: pali chimene tingakonze kuti mugwire bwino ntchitoyi? Mwini wake ndi amene amadziwa yankho. Pakakhala womasulira chinenero chamanja, ambiri mumayang'ana womasulirayo n'kumati "mufunseni ngati..." Wofunsira ntchito ndi uyo wakhala patsogolo panuyo; yang'anani iyeyo, lankhulani naye, womasulira agwira ntchito yake.

Chachitatu ndi cha amene tinachita mwayi n'kulembedwa. Apa zambiri zimachokera mumtima wabwino, n'chifukwa chake zimavuta kuzidzudzula. Munthu amangofika kumbuyo n'kuyamba kukankha njinga yanga osandifunsa kumene ndikupita. Wina amaitsamira pocheza, wina amakolekapo chikwama chake. Njinga imeneyi ndi miyendo yanga. Kuigwira n'chimodzimodzi kundigwira thupi. Mnzathu wosaona amakokedwa dzanja kapena kugwiriridwa ndodo, pamene choyenera n'kumufunsa, ndipo akavomera, kumupatsa chigongono kuti agwire yekha, inu n'kutsogola pang'ono, kumuuza kuti apa pali masitepe okwera kapena otsika. Mukalowa mu ofesi mwake nenani dzina lanu. Masewera aja oti "tandiuzani, ndine ndani?" amasangalatsa inu nokha. Mukamatuluka tsanzikani, kuopa kuti angapitirize kulankhula ndi mpando. Oyeretsa mu ofesi akasuntha mipando ndi mabini osamuuza, mawa lake ndi mabala m'miyendo.

Pa msonkhano, anthu anayi akulankhula nthawi imodzi, wina wazimitsa magetsi kuti projekita ioneke bwino, ndipo wosamva sakuonanso manja a womasulira kapena milomo ya wolankhula. Akafunsa zimene anthu akuseka, yankho lake ndi "tikuuzani bwino lino," bwino lino wake osafika. Ena amaganiza kuti kukuwa kumathandiza, mpaka amakuwira ndi wosaona yemwe. Wachibwibwi amamalizitsiridwa mawu ake, kawirikawiri molakwika.

Za zimbudzi ndinene mosabisa, ngakhale si nkhani yokambira pagulu. Nyumba zambiri zatsopano zili ndi chimbudzi chachikulu chokhala ndi chizindikiro cha njinga pachitseko. Tsegulani muone: mopu, ndowa, makatoni a mafayilo akale, nthawi zina njinga ya kapalasa ya mlonda. Kiyi ali ndi mayi woyeretsa amene waweruka 3 koloko. Ndikudziwa anzanga amene samwa madzi kapena tiyi tsiku lonse la ntchito poopa chimbudzi, ndipo impso sizikhululuka zimenezo. Rampu, njira yotsetsereka ija ya pakhomo, ambiri munamanga. Koma ina ndi yotsetsereka moti ngakhale wokankha wilibala angaiope. Muyeso wodziwika ndi woti pokwera mita imodzi, rampu italike mamita 12. Ndipo pamene rampu ili bwino, mupeza galimoto la bwana laimikidwa pakamwa pake penipeni chifukwa ndi pamene pali mthunzi.

Chachinayi ndikufuna ndichedwepo, chifukwa chikukhudza moyo. Kalembera yemwe uja anawerenga anthu achialubino oposa 134,000. Tonse tikudziwa zimene abale athuwa akumana nazo kuyambira chakumapeto kwa 2014: kubedwa, kuphedwa, manda kufukulidwa. Ndiye tangoganizani munthu wotere akulowa m'kantini ya pa ntchito, mnzake n'kufuula kuti "ndalama zija zafika!" anthu n'kuseka. Akadandaula amauzidwa kuti ndi nthabwala chabe, asamakhale wosachedwa kupsa mtima. Nthabwala imeneyo ikunena za mafupa ake. Iye akaweruka amayang'ana kumbuyo ulendo wonse wopita kokwerera minibasi, osadziwa ngati woseka uja amangoseka. Mayina aja oti napweri ndi mzungudala akumvekabe m'mafakitale ndi m'maofesi, akapitawo ali pomwepo. Bwana amene wamva mawu otere n'kukhala chete wavomereza.

Palinso za dzuwa. Khansa ya pakhungu ndi mdani wamkulu wa munthu wachialubino. Kumutuma kukagulitsa katundu kapena kukalemba anthu m'midzi masana dzuwa lili paliwombo, wopanda chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu, n'chimodzimodzi kutuma wowotcherera zitsulo wopanda magalasi. Yunifolomu ya manja aafupi ingasinthidwe. Desiki ingachotsedwe pawindo. Zilembo za pa kompyuta zingakulitsidwe osalipira tambala. Shifiti yoweruka usiku, kwa munthu woyenda wapansi kudutsa malo amdima, ingakambidwe. Zonsezi zimangofuna kapitawo amene anaphunzitsidwa kufunsa.

Chachisanu ndi ulumali wosaoneka ndi maso. Wantchito wa khunyu akagwa, anzake amathawa, poti ena amakhulupirirabe kuti matendawa amapatsirana kudzera m'malovu. Olimba mtima amamupanikiza pansi n'kumulowetsa supuni m'kamwa, zimene zingamuthyole mano. Khunyu sapatsirana. Chofunika n'kuchotsa zinthu zimene zingamuvulaze, kumuika kanthu kofewa kumutu, kumugoneka cham'mbali kugwedezeka kukatha, ndi kuthamangira naye kuchipatala ngati kwapitirira mphindi 5. Zimenezi munthu angaziphunzire pa nthawi ya tiyi. M'malo mwake, sabata yotsatira wodwalayo amalandira kalata yoti ntchito yachepa. Amene ali ndi matenda a maganizo ndiye sayerekeza n'komwe kuulula, chifukwa akauza a HR m'mawa, pofika masana nkhani ili kale kwa oyendetsa galimoto. Ndiye anthu amabisa, amadumphitsa masiku a kuchipatala, amadwalira pa desiki.

Chachisanu ndi chimodzi ndi chimene chimandiwawa koposa, ndipo mwina mudabwa: chifundo chanu. Pali mabwana amene amatilemba ntchito ngati akupereka chopereka. Ukafika amakulandira bwino, amakupatsa desiki pakona, koma ntchito yeniyeni osakupatsa. "Musavutike, achita anzanuwa." Ulendo wa kumunda ukapezeka, amati "ameneyu tingamuzunze, akhale." Maphunziro a ku Mangochi kapena ku Salima, dzina lako palibe, poti sanafunse ngati malo ogonawo ali ndi masitepe, ndiye kunali kosavuta kungokuchotsa. Tonse tikudziwa kuti m'dziko muno maulendo ndi maphunziro otere ndiwo amabweretsa alawansi, kudziwana ndi anthu, ndi mzere wina pa CV. Zaka zikamapita, amene unawaphunzitsa ntchito amakhala mabwana ako, ndipo ukafunsa amakuuza kuti ulibe luso la kumunda. Unalipeza kuti, poti anakukaniza ndi iwo omwe?

Chifundo chomwechi chimalepheretsa bwana kukudzudzula ukalakwitsa. Lipoti lako lili ndi zolakwika, iye amangolikonza mwakachetechete n'kukuuza kuti "mwayesetsa." Ine sindifuna kuyesetsa, ndikufuna kudziwa ntchito. Ndidzudzuleni monga mudzudzulira anzanga, mundikweze monga muwakwezera. Ndipo kutamanda munthu wamkulu chifukwa wafika pa ntchito nthawi yabwino, kapena kumuuza kuti "mukanakhala ine ndikanangodzikhalira kunyumba," sikumulimbikitsa ayi. Kunena zoona, ngakhale mapemphero amafunika kupempha kaye. Ndine wopemphera, koma mnzanga wa mu ofesi akandiika manja pamutu pa kolido kuti ndiimirire, anthu akuonerera, wandisandutsa chionetsero. Pa 3 December, tsiku loganizira anthu aulumali pa dziko lonse, ndi pamene timakumbukiridwa: tisheti, chithunzi ndi bwana wamkulu, n'kuchiika pa tsamba la kampani. Pa 4 December mopu wabwerera m'chimbudzi muja.

Dziko lino linakhalapo ndi nduna ya boma yoyenda pa njinga ya olumala, malemu mayi Rachel Kachaje, ndipo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino. Sukulu za Chilanga ku Kasungu, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba ndi Maryview ku Nguludi zakhala zikuphunzitsa ana osaona ndi osamva kwa zaka zambiri, ndipo ena a iwo lero ali ndi madigiri. Nsalu zolukidwa ndi anthu aulumali ku fakitale ya ku Bangwe mwina zili m'nyumba zanu. Zoti tingagwire ntchito si nkhani yokambirananso.

Chomaliza pa madandaulo anga chikukhudza inu eni. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi za pamsewu, za kabaza, makina a m'fakitale, sitiroko, shuga amene amadula mwendo kapena kuchititsa khungu: wantchito wanu wokhulupirika angabwerere ku tchuthi cha matenda ali pa ndodo. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zoti amapatsidwa chipukuta misozi n'kupumitsidwa pa zifukwa za umoyo, popanda wofunsa ngati angapitirize ntchito yomweyo pa desiki ina kapena ndi chipangizo china. Luso la zaka zambiri limapita kumudzi. Ofesi imene mukukonzera ine lero ndi imene ingadzakusungeni inuyo.

Mwina wina anena kuti ulemu saphunzitsa, munthu amabadwa nawo. Ife Amalawi tikudziwa kuti si zoona. Mwana timamuphunzitsa kulandira chinthu ndi manja awiri, mkamwini amalangizidwa mmene angalankhulire ndi apongozi, ndipo pamaliro aliyense amadziwa pokhala chifukwa wina anamuuzapo. Za munthu waulumali zokha ndi zimene tinasiyira aliyense kuti aziganizire yekha, ndipo zimene amaganizazo ndi mantha, chisoni kapena nthabwala. Komanso inu nomwe munaonetsa kale kuti malo a ntchito angasinthe khalidwe la anthu. Pa nkhani ya HIV ndi Edzi munalemba ndondomeko za pa ntchito, munaphunzitsa antchito kuti aziphunzitsana okhaokha, munaletsa kusalana ndi kuulula zinsinsi za odwala. Sizinathe zonse, koma amene anagwirapo ntchito m'zaka za m'ma 1990 akudziwa kusiyana kwake. Njira yomweyo ilipo.

Wina anena za ndalama, poti chuma chavuta. Ndine wowerengera ndalama, ndikumvetsa. Koma taonani zimene ndatchula m'kalatayi. Kusamutsa intavyu kupita chipinda chapansi, kutumiza uthenga m'malo moimba foni, kuchotsa makatoni m'chimbudzi, kutumiza chikalata cholembedwa m'malo mwa chithunzi, kunena dzina polowa: zonsezi n'zaulere. Pulogalamu ya NVDA yowerengera osaona pa kompyuta ndi yaulere. Zimene zimafuna ndalama, monga womasulira, rampu yabwino kapena makina a braille, zilipo ndithu, koma sizifika pa mtengo wa matayala a galimoto limodzi la bwana ndi mafuta ake a pachaka. Bajeti ndimaziona.

Ndichenjezeretu za mtundu wa maphunziro amene sindikupempha. Sindikupempha kuti mabwana asanu apite kunyanja masiku atatu, abwere ndi zikwama ndi satifiketi, mlonda ndi kapitawo osamva kanthu. Sindikupemphanso masewera aja omanga anthu nsalu kumaso kapena kuwakhazika pa njinga kwa mphindi khumi kuti "amve mmene zimakhalira." Munthu womangidwa kumaso amangophunzira mantha, n'kutuluka akuti "kusaona n'koopsa, anthuwa sangagwire ntchito." Wosaona weniweni anaphunzira kuyenda, kuphika ndi kugwiritsa ntchito kompyuta kwa zaka, zimenezo nsalu siingakuonetseni. Muitaneni iyeyo aime kutsogolo, aphunzitse, mumufunse mafunso onse amene mumachita nawo manyazi.

Tsono zopempha zanga ndi izi.

1. Kwa eni ntchito nonse: maphunziro a kakhalidwe koyenera ndi anthu aulumali akhale mbali ya maphunziro olandirira wantchito aliyense watsopano, ndipo azibwerezedwa chaka ndi chaka monga muchitira ndi za moto ndi chitetezo. Ayambe ndi alonda, olandira alendo, oyendetsa galimoto, oyeretsa ndi akapitawo. Ngati alonda ndi oyeretsa ndi a kampani ina, lembani zimenezi mu kontirakiti yawo. Achitike m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena chinenero chimene antchitowo amamva, pa malo a ntchito pomwepo.

2. Ophunzitsa akhale anthu aulumali eni ake, kudzera m'mabungwe awo monga FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), MANAD (la osamva), Malawi Union of the Blind (la osaona) ndi APAM (la achialubino), ndipo alipidwe monga mulipirira katswiri wina aliyense. Botolo la madzi ndi ndalama ya minibasi si malipiro.

3. Aliyense wokhala pa gulu lofunsa anthu ntchito aphunzitsidwe kaye. Kalata iliyonse yoitanira munthu ku intavyu ikhale ndi funso loti pali chimene tikonzeretu, pamodzi ndi nambala yolandira mauthenga olemba. Womasulira chinenero chamanja alipidwe ndi kampani, asachite kubwera naye wofunsira ntchito. Zotsatsa ntchito zituluke m'malemba owerengeka ndi makina.

4. Malamulo a chilango a pa kampani atchule poyera kuti kunyoza, kutchula mayina achipongwe, kapena kuchita nthabwala za ziwalo za munthu wachialubino ndi mlandu waukulu. Pakhale munthu wodziwika wolandira madandaulo, wosunga chinsinsi, ndipo wodandaula ayankhidwe molemba. Za umoyo wa wantchito zisatuluke mu ofesi ya HR popanda chilolezo chake.

5. Sabata ino, bwana wamkulu aliyense ayende yekha kuchokera pageti mpaka kuchimbudzi, kukantini ndi ku chipinda cha misonkhano, pamodzi ndi wantchito kapena kasitomala waulumali, kope lili m'manja. Afunsenso kuti moto utabuka, wosamva adziwa bwanji, ndipo wa pa njinga atuluka bwanji.

6. Kwa a ECAM ndi a MCTU: khalani pansi ndi a MACODA ndi a FEDOMA mulembe kabuku kamodzi kachidule ka malangizo, kotanthauziridwa m'zinenero zathu, kopezekanso mu braille, m'zilembo zikuluzikulu ndi pa kanema wa chinenero chamanja, kuti ngakhale mwini golosale kapena chigayo wolemba anthu atatu akapeze. A mabungwe a antchito, nkhaniyi ilowe m'mapangano anu ndi olemba ntchito. Wantchito waulumali amadulidwanso ndalama ya umembala mwezi ndi mwezi.

7. Kwa a TEVETA: olemba ntchito amapereka kale msonkho wa 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro kuti anthu aphunzitsidwe. Tikupempha kuti maphunziro awa akhale m'gulu la amene thumba limeneli lingathandizire, ndiponso kuti alowe m'sukulu zanu za ntchito zamanja, kumene akapitawo a mawa akuphunzira lero.

8. Kwa boma, limene ndi wolemba ntchito wamkulu m'dziko muno: yambani ndi maofesi anu, kuchokera ku Capital Hill mpaka kwa DC, kupolisi ndi kuzipatala. Maofesala a zantchito akamayendera makampani azifunsa ngati maphunzirowa anachitika, liti, ndipo anaphunzira ndani. Makampani ofuna matenda a boma aonetse umboni womwewo. Ndipo chaka chilichonse mutiuze poyera chiwerengero cha anthu aulumali amene ali pa ntchito m'boma ndi magiredi awo, kuti tione ngati akukwera kapena angounjikana pansi.

Kwa anzanga aulumali amene muwerenge kalatayi: zikakuchitikirani lembani tsiku, malo ndi mawu amene ananenedwa, sungani mauthenga. Khoti la milandu ya zantchito, ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission amafuna umboni, ndipo umboni umayamba ndi kope lanu. Kwa inu ena nonse, itumizeni kwa bwana wanu wa HR, ndipo wina aiwerenge mokweza kwa alonda a usiku, amene sakhala pa gulu la WhatsApp la kampani.

Mabwana ndi madona, mabungwe amene ndawatchula pa nambala 2 ali ndi maofesi ndi anthu okonzeka kubwera mukawaitana. Tikuyembekezera kumva kwa inu, makamaka a ECAM ndi a Unduna, tsiku limene mukhale nawo pansi, ndipo tikupempha kuti likhale 3 December asanafike.

Ine wanu mwaulemu,
Wowerengera ndalama woyenda pa njinga ya olumala,
Blantyre